Ndandanda ya a Wotchi

3 Febuluwale

Wokondedwa Kondakitala wanga,

Ndiyambe ndi kukufunsa moyo. Kaya ntchito ya kuchipatalako ikukusiyirako mpata wogona? Kuno tili bwino, kupatula bondo la mayi ako limene masiku ano likulosera mvula kuposa anthu a pawailesi.

Uthenga wako woti matikiti a ndege wagula tinaulandira. Mayi ako anavina m'khitchini ndi bondo lomwelo. Ine sindinavine, ukundidziwa, koma ndinatuluka n'kukaima kuseri kwa nyumba kwa kanthawi. Zikomo, mwana wanga. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinakhala pa desiki ya kudepoti ndikulemba nthawi yonyamukira mabasi, kutumiza anthu kumalo kumene ine sindinapondeko. Lero kamwana kamene kankasewera ndi matikiti akutha pansi pa desiki imeneyo ndi kamene kakundikweza ndege.

Tsopano tikambe za ntchito. Ukuikumbukira kalendala ija ya kampani ya matayala, imene inakhala pakhoma la ofesi yanga mpaka tsiku lopuma ntchito? Ili pabalaza pano. Maina a mizinda anapita kalekale pamene mnzanga wina anadula m'munsi mwake kuti alembepo nambala ya foni, n'chifukwa chake kunyumba kuno timaitchula ndi miyezi yake. Iwe unatiuza kuti isanu ndi iwiri mwa mizinda imeneyo munthu angaifike pa sitima kuchokera kumene uliko. Ndikuifuna yonse: Januwale wa nsanja ya wotchi, Malichi wa milatho, Epulo wa munda wa maluwa, Juni wa padoko, Ogasiti wa nyumba yachifumu, Okutobala wa paphiri, ndi Disembala wa msewu wa nyali.

Ndandanda ndaika m'kalata momwemu. Masiku ndi asanu ndi anayi. Pamalo paliponse pamene pali pachithunzi tidzaima mphindi khumi ndi ziwiri. Basi yabwino imaima choncho: otsika atsike, okwera akwere, ulendo upitirire. Kwa iwe tidzafika pa 14 Meyi madzulo, tidzagona, m'mawa 6:40 tanyamuka. Pobwerera tidzadutsanso kwanuko pa 22, tidzadya nawe chamasana pasiteshoni, kenako sitima ya 2:15 yopita ku Disembala, kumene tidzakwerere ndege.

Usasinthe kanthu. Ungotigulira matikiti a sitima monga ndalemberamo, ndipo undiuze ngati sitima za kumeneko zimasungadi nthawi monga amanenera.

Ndine bambo ako,
amene kudepoti ankati a Wotchi.

5 Febuluwale

Mwana wanga,

Uli bwanji? Ukudya mokwanira? Pachithunzi chomaliza chija khosi linatalika.

Ndikulemba ndili kuchipinda, bambo ako ali pakhonde. Pafoni sindingathe, chifukwa ukangoimba iwo amabwera kudzakhala pambali panga ngati ndi amene akulipidwa kuti amve. Kalatayi ndipatsa atelala a pafupi nafewa kuti akandiponyere.

Bambo ako maso akutha. Zinayamba chaka chatha. Ankathira tiyi pambali pa kapu n'kumanena kuti ndasuntha kapu ndine. Kenako anayamba kugunda chitseko ndi phewa. Dokotala wa maso akuti mtsempha wa m'diso ukuuma, ndipo mankhwala odontheza amene anawapatsa ndi ongochedwetsa chabe. Panopa akuona ngati munthu wosuzumira m'paipi: chapakati chikuoneka, cham'mbali mulibe. Paipiyo ikunka nichepa. Dokotala akuti mwina chaka, mwina osakwana.

Anandilumbiritsa kuti ndisanene kwa iwe. Ndinalumbira, koma za kulemba sitinakambirane.

Ndandanda ija usaione ngati misala. Anailemba milungu itatu, ndi rula, nkhope ili pafupi ndi pepala ngati akulinunkhiza. Akufuna aone zonse paipi isanatseke. Ndipo usiku umodzi wokha umene akupatsawo si kuti sakukufuna. Akukuopa. Akuti, "Mwana uja ndi namwino. Akandiona masiku awiri azindikira, ndiye ulendo wonse uthera m'makonde a chipatala, iye akulira." Munthu amene amapukuta chithunzi chako ndi mpango wake m'mawa uliwonse akuthawa iwe chifukwa choopa misozi yako. Ndiwo bambo ako amenewo, ndakhala nawo zaka makumi anayi ndi chimodzi ndipo sindinawazolowerebe.

Chonde uvomere ndandanda yawoyo. Bondo langa usalidandaule, lidzathamanga. Chimene ndikufuna ine n'choti akuone. Zaka khumi ndi chimodzi osaonana ndi zambiri, ndipo chaka chamawa kudzakhala kuchedwa.

Ndine mayi ako.

21 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi. Ine ndili bwino. Kalata yanu yafika, ndandanda ndaiona. Ndinafuna kuimba foni, koma ndinaona kuti kuli bwino ndilembe.

Bambo, ndawerengetsa monga munandiphunzitsira. Pa masiku asanu ndi anayi, ine mwandipatsa maola khumi ndi anayi, ndipo asanu ndi atatu mwa iwo mudzakhala muli mtulo. Ndinapempha tchuthi cha milungu iwiri, n'kugwirira anzanga ntchito Loweruka ndi Lamlungu miyezi itatu kuti andilole. Chipinda chaching'ono chija ndachipenta ndekha. Ndagula mpando wofewa woti amayi azitambasulirapo mwendo, ndi makapu a tiyi aakulu amene inu mumakonda. Ndiye zonsezi ndikazionetse kwa ndani?

Papita zaka khumi ndi chimodzi tisanaonane. Poyamba anali mapepala anga osatuluka, kenako sukulu, kenako ntchito. Ndikudziwa kuti mbali ina vuto ndi langa. Koma ngati mukundilanga, ingondiuzani. Zikundipweteka kuti chithunzi cha pa kalendala ya matayala chandiposa ine.

Komanso mizinda isanu ndi iwiri masiku asanu ndi anayi, anthu a msinkhu wanu? Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mzinda si siteji ya basi, Bambo. Mphindi khumi ndi ziwiri munthu amakhala asanapeze n'komwe chimbudzi. Amayi mwawafunsa, kapena bondo lawo nalo mwalilembera nthawi yopweteka?

Ndikupempha musankhe mizinda itatu, masiku otsalawo mukhale nane. Matikiti a sitima sindigula mpaka mutandiyankha.

China, bwanji masiku ano mukulemba zilembo zikuluzikulu chonchi? Ndikamawerenga ndimamva ngati mukundikalipira.

Ndine mwana wanu.

8 Malichi

Mwana wanga,

Tili bwino. Kalata yako yafika. Anandiwerengera mayi ako, popeza magalasi anga ali kokonzetsa. Anamaliza msanga kwambiri pamene ndinamva kuti mapepala ndi awiri, ndiye ndinawauza abwereze osadumpha. Anabwereza.

Sindikukulanga. Sindinayambe ndakuwerengera zaka zimene unakhala osabwera, ndinkadziwa kuti ukumenyera moyo wako. Chipinda wapenta, zikomo. Mpando wa mayi ako, zikomo.

Koma mizinda itatu ayi. Ndili ndi zifukwa zanga. Kudepoti, kondakitala akakana, basi sinyamuka, ndipo ine sindinakakamizepo munthu kunyamula ulendo umene sakugwirizana nawo. Matikiti a ndege ubweze, asakudyere ndalama pachabe. Tidzabwera chaka china zinthu zikadzakhala bwino.

Za zilembo, dzanja ndi langa.

Bambo ako.

24 Malichi

Bambo,

Muli bwanji? Pepani. Ndinalankhula ndisanamvetse.

Kondakitala wavomera. Basi inyamuke.

Matikiti a ndege sindibweza. A sitima ndagula onse, mizinda isanu ndi iwiri, mipando ya pawindo.

Sitima za kuno zimasungadi nthawi. Mudzazikonda.

Ndikupempha siteji imodzi yokha yoonjezera. Pa 15 m'mawa mudzadutse kuntchito kwanga, mudzapereke moni kwa dokotala wina, mnzanga. Sitima ya 6:40 ndaisintha kukhala ya 9:10.

Zilembo zikuluzikuluzi ndaphunzira kwa inu. Ndaona kuti n'zabwino. Pepala limodzi likungolowa mizere isanu, koma mapepala ndili nawo ambiri.

Bwerani, Bambo. Ngakhale ola limodzi ndilandira.

Kondakitala wanu.

Amayi, tizilembo ting'onoting'onoti m'munsi muno ndi tanu nokha. Kalata yanu ya pa 5 Febuluwale yafika dzana, itatha milungu isanu ndi umodzi, ndipo mu envelopu munagwa batani la malaya. Atelalawo mukawafunse kuti inagona m'kabati iti. Ikanafika nthawi yake sindikanalemba zimene ndinalemba zija. Ndinaiwerengera m'chipinda chosinthira zovala kuntchito, ndipo mnzanga anachita kundigwirira odwala anga kwa ola lathunthu. Ine namwino wa zaka zonsezi, zilembo zikukula kalata ndi kalata, ine n'kumati akundikalipira. Ndachita manyazi. Zikomo kuti simunasunge lumbiro lija. Ndikulonjeza kuti pamaso pawo sindidzalira.

9 Epulo

Kondakitala wanga,

Moni. Kalata yako ndawerenga ndekha.

Ndibwereze, chifukwa mwina sukumvetsa kukula kwake. Ndawerenga ndekha, pakhonde, popanda wondiwerengera. Papita chaka ndi miyezi iwiri chiwerengereni kalata ndi maso anga. Ndinaiwerenga katatu, kachitatu mokweza, mpaka atelala anasuzumira pampanda. Zikomo, mwana wanga. Sunatchule kanthu, koma ndamva zonse.

Ndadziwanso kuti m'nyumba muno muli kazitape, ndipo ndimadya naye mbale imodzi. Nditamufunsa anangoti, "Inu munati ndisanene. Mwandimva ndikunena?" Tizilembo tam'munsi tija akuti ndi malangizo a mankhwala a bondo. Malangizo a bondo amene amaliritsa munthu sindinawaonepo, koma ndazisiya.

Ndiye ukudziwa. Magalasi sali kokonzetsa, ali pamphuno panga pano, ndipo sakuthandiza. Ndinkafuna udzandione ndili bambo ako amene unawasiya, woyenda patsogolo, wodziwa njira. Sindinkafuna udzandigwire dzanja potsika masitepe. Kunali kunyada, ndavomera. Kunyadako kukanandimanitsa mwana.

Ndandanda yatsopano ndi iyi. Dokotala mnzakoyo ndamulemba pa 15, nthawi ya 8 koloko, ndipo ndamupatsa mphindi khumi ndi ziwiri ngati wina aliyense. Zina zonse zili momwe zinalili. Usandiseke. Ndikaima nthawi yaitali pamalo amodzi ndimayamba kuganiza, ndipo masiku ano maganizo anga si abwino kucheza nawo.

Mayi ako ayamba kuyeserera. M'mawa uliwonse tikuzungulira bwalo la mpira kawiri, iwo ndi bondo lawo, ine ndi wotchi m'manja. Dzulo tinachotsako mphindi imodzi. Akuti ndikawathamangitsa kwambiri adzandisiya pa mlatho wa Malichi ndidzipezere ndekha njira.

Utiuze ngati kumeneko kudzakhale kozizira, atelala andisokere jekete. Ali ndi mlandu kunyumba kuno, ndiye asoka mwachangu.

Bambo ako.

18 Meyi

Mwana wanga,

Ndikulemba pa sitima, pepala lili pabondo, ndiye usadabwe ndi zilembo zovina. Tili bwino. Kaya iwe wapumulako chichokereni ife?

Januwale taona, Malichi taona, Epulo tamusiya m'mawa uno. Tikuthamanga ngati tabera munthu. Bambo ako akangofika pamalo amatulutsa kalendala m'chikwama, amafunafuna pamene wojambula anaima, amaima pomwepo, n'kundipatsa chikwama kuti ndigwire. Pa nsanja ya wotchi anayerekeza ndi wotchi yawo n'kupeza kuti zikugwirizana. Anagwedeza mutu ngati nsanjayo yakhoza mayeso.

Tapeza njira yoonera. Iwo amaona chapakati, ine ndimawauza zam'mbali. Pa mlatho ndinati, "Kumanzere kwanu kuli mayi akugulitsa maluwa, kumanja kuli bini ya zinyalala." Iwo akuti, "Bini? Pa kalendala palibe bini." Ndinati, "Ndiye mwaona phindu loyenda." Anaseka mpaka anthu kucheuka. Kuseka kotero ndinakumva komaliza iwe uli kusekondale.

Zimene ananena dokotala mnzako uja, zoti palibe chosintha koma kupitiriza mankhwala, sanazitchulenso. Angoti munthuyo ndi waulemu ngakhale anadya mphindi makumi anayi. Ndipo iwe unasunga lonjezo. Ndinakuona ukulowa kubafa kawiri n'kutsegula mpopi, koma iwo sanadziwe.

Masangweji amene unatikonzera anatifikitsa mpaka dzulo. Nsapato zimene unandigulira ndi zimene zikundiyendetsa, Mulungu akudalitse. Ine amene ndinkangopukuta fumbi pa kalendala imeneyi, lero ndalowamo ndi miyendo yanga. Tionana pa 22 pasiteshoni. Udzavale diresi yobiriwira ija, mtundu umenewo amauona bwino.

Mayi ako.

6 Okutobala

Kondakitala wanga,

Dzanja ndi la mayi ako, mawu ndi anga. Ndawauza alembe zonse osadumpha, ndipo akamaliza andiwerengere. Tili bwino. Mankhwala amene unatumiza anafika. Iwe uli bwanji? Chifuwa chija chinatha?

Paipi ija yatsala pang'ono kutseka. Ndikuona kuwala kwa windo ndi mthunzi wa mayi ako akamadutsa. Usadandaule, nyumba ino ndikuidziwa, kuchokera pabedi kufika pakhonde ndi mapazi khumi ndi asanu ndi atatu. Kalata zako za zilembo zikuluzikulu sindikuthanso kuziwerenga, koma usasiye kulemba choncho. Ndimazigwira, cholembera chako chimadinda kwambiri.

Ndikufuna ndikuthokoze bwinobwino, chifukwa pasiteshoni ndi pabwalo la ndege sindinathe. Mizinda isanu ndi umodzi ndinaiona ndi maso anga. Koma ndikuuze zoona, yayamba kusokonekera. Ndikakumbukira doko la Juni sindidziwa ngati ndikuona limene ndinaimapo kapena la pakhoma. Chimene chatsala choonekera bwino ndi bini ija.

Tsopano za pa 22. Unalipo, koma pali chimene sukudziwa.

Ukukumbukira titamaliza kudya, 2 koloko itangokwana, ndinakupempha uime pafupi ndi windo lalikulu lija loyang'ana ku njanji, ine n'kulifulatira kuti kuwala kugwe pankhope pako. Ndinavula wotchi n'kupatsa mayi ako, ndinati, "Mphindi khumi ndi ziwiri. Zikakwana mundiuze, sitima ndi ya 2:15." Usiku woyamba uja tinafika kutada, m'mawa mwake tinathera kwa dokotala, ndiye ndinali ndisanakuone bwino. Ndinali nditapatsa mlatho nthawi yake, nyumba yachifumu nthawi yake, ndinati nawenso ulandire yako.

Munthu wosuzumira m'paipi saona nkhope yonse nthawi imodzi. Ndinayamba ndi chipumi. Kenako chipsera cha pachibwano, cha tsiku lija unagwa pa sitepe ya basi uli ndi zaka zisanu, ine n'kukunyamula kuthamangira kuchipatala yunifomu yonse magazi. Kenako imvi pamwamba pa khutu lamanzere. Palibe anandiuza kuti mwana wanga ali ndi imvi. Ndinaziwerenga, zinali zisanu ndi ziwiri. Nditafika pa maso ndinapeza ndi a mayi ako a tsiku limene ndinawaona koyamba pa windo logulitsira matikiti, ndipo pamenepo ndinachedwapo.

Ndinafunsa nthawi. Mayi ako anati, "Zatsala zisanu." Ndinayang'ana pakamwa pako pamene unkaluma mlomo kuti usalire. Ndinafunsanso. Anati, "Zatsala zisanu." Kachitatu, chimodzimodzi. Mapeto ake sitima inatisiya, Disembala sitinamuone, iwe unavutika kusintha matikiti a ndege, ndipo tinakhala kwako masiku atatu, ine ndikumwa tiyi m'kapu yaikulu ija, mayi ako atatambasula mwendo pampando wawo. Mayi ako anauza aliyense, ngakhale atelala, kuti analibe magalasi ndiye anasokoneza mivi ya wotchi.

Mwana wanga, ine ndagwira ntchito ya zonyamuka zaka makumi atatu ndi zinayi. Ndinamva wezulo. Ndinamva zitseko zikutsekeka. Ndinamva mawilo akuyamba kugudubuzika kumbuyo kwanga, ndipo mumtima ndinaiyamikira sitimayo, chifukwa inanyamuka pa nthawi yake yeniyeni. Moyo wanga wonse sindinasiyidwepo ndi basi kapena sitima. Tsiku limenelo ndinaimva ikupita ndipo sindinacheuke. Ndinali ndisanamalize tsaya lakumanja.

Za Disembala usamve chisoni. Ali pakhoma pano, mayi ako akuti nyali zake zikuyakabe. Nkhope yako ndiye siinasokonekere ndi chilichonse, imvi zonse zisanu ndi ziwiri zili m'malo mwake. Zikomo pondiimirira pa windo paja osasuntha.

Ndine bambo ako.

Mwana wanga, ndine mayi ako tsopano. Ndalemba monga anenera, ndipo pamene pafufutika inki ndi pamene ndinamva nkhaniyi koyamba, limodzi ndi iwe. Miyezi inayi ndakhala ndikudzitama kuti ndinapusitsa a Wotchi. Ndawafunsa kuti nanga bwanji simunanene, akuti, "Wosunga nthawi munali inu, ndipo munali musanandiuze kuti zakwana."

Wotchi ija ikadali ndi ine. Sanaiitanitse, ndipo ine mpaka lero sindinawauze kuti mphindi zija zakwana.